Wodwala weniweni sabwera atagona chagada

Aliyense amene anaphunzira kulowetsa chubu chopumira pakhosi pa munthu anayambira pa chidole. Chidolecho n'chomvera kwambiri. Chimagona chagada pa tebulo lofika m'chiuno, mutu uli pa pilo, m'kamwa mouma, mano onse alimo, ndipo sichisanza ngakhale muchivutitse tsiku lonse. Zithunzi za m'mabuku athu ndi za munthu wogona chagada. Mayeso athu ndi a munthu wogona chagada. Pomatha chaka manja amakhala atazolowera njira imodzi, ndipo mutu umayamba kukhulupirira kuti njira ina kulibe. Maganizo anga ndi akuti kuno ku Malawi zimenezi sizokwanira. Wophunzira aliyense amene adzagwire laryngoscope pa chipatala cha boma akuyenera kudziwanso kulowetsa chubu munthu atagona chammbali. Ndipo wina aliyense, kaya akuphunzira zamalamulo kaya zaulimi, akuyenera kudziwa chifukwa chake munthu wokomoka sasiyidwa chagada.

Ine kwathu ndi ku Nkope, m'mphepete mwa nyanja pakati pa boma la Mangochi ndi Monkey Bay, ndipo ndikuphunzira zachipatala ku Blantyre. Ndatchula kwathu chifukwa nkhaniyi ikukhudza kumeneko. Ku Nkope kuli chipatala chaching'ono cha mishoni ya Anglican, ndipo monga zilili ndi zipatala zing'onozing'ono zonse m'dziko muno, wodwala wofunika opaleshoni amatumizidwa ku chipatala chachikulu. Kuchokera pagombe pomwe munthu wavuulidwa m'madzi kukafika pa chitseko cha fiyeta pali ulendo: kumunyamula pamchenga, kusaka galimoto, kuyenda msewu wa M10, kenako kudikira kuti woitanidwa afike. Nthawi yonseyi mpweya wake uli m'manja mwa anthu omwe sanaionepo laryngoscope. Ubongo nawo sudikira. Ukasowa okosijeni kwa mphindi 4 mpaka 6 umayamba kuwonongeka, ndipo zowonongekazo sizibwerera.

Tiyambe ndi zimene zimachitika pakhosi. Munthu akakhala maso, minofu ya kukhosi imakhala yokungika, lilime limakhala pamalo pake, ndipo kanthu kakangolakwa njira amatsokomola nthawi yomweyo. Tonse tinatsamwapo ndi thobwa, tikudziwa mmene thupi limalimbanira. Munthu akakomoka chitetezo chonsechi chimatha. Ngati wagona chagada, lilime ndi mnofu wofewa wa kumbuyo kwa kamwa zimagwera kumbuyo n'kutseka njira. Phokoso lija timati akuliza mkonono, kwa munthu wokomoka si tulo tabwino ayi, ndi mpweya womwe ukuvutika kudutsa pampata wochepa. Chachiwiri, khomo la njira ya chakudya ndi khomo la njira ya mpweya ndi oyandikana. Zam'mimba zikabwerera munthu ali chagada, zimadikha kumbuyo kwa khosi ngati madzi m'beseni, ndipo akakoka mpweya zimatsikira m'mapapo. Nsima yosagayika imatseka tinjira ta mpweya, asidi wa m'mimba amawotcha mapapowo. Mukamutembenuzira chammbali, nkhope itayang'ana pansi pang'ono, lilime limagwera kutsogolo, ndipo masanzi, magazi ndi malovu zimatuluka zokha pa ngodya ya mlomo. Sipafunika mankhwala kapena makina. Madzi amalowera kotsika basi.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Mu 1856 dokotala wa ku England, Marshall Hall, analemba kuti munthu womira asagonekedwe chagada chifukwa lilime limatseka njira ya mpweya. Njira yake yomugubuduza munthuyo inasiyidwa kalekale, koma zimene anaona pa lilime zinali zoona. Mu 1891 Robert Bowles, dokotala wa ku Folkestone, analimbikitsa kugoneka chammbali anthu okomoka ndi sitiroko. Mu 1946 Curtis Mendelson, dokotala wa amayi oyembekezera ku New York, anaunika mbiri ya amayi 44,016 omwe anabereka pa chipatala chake pakati pa 1932 ndi 1945, ndipo anapeza 66 omwe zam'mimba zinawalowa m'mapapo atagonetsedwa ndi mankhwala. Mpaka lero vutoli timalitchula ndi dzina lake. Lamulo lija loti usadye ngati mawa ukulowa ku fiyeta cholinga chake ndi chomwechi, kuti m'mimba mukhale mopanda kanthu kobwerera.

Kwa inu amene simuli a zachipatala, intubation imachitika motere. Wogonetsa odwala amaima kumutu, laryngoscope ili kudzanja lamanzere. Ndi chitsulo chopindika chokhala ndi kababu kunsonga, ndipo mtundu umene timagwiritsa ntchito kwambiri anaupanga Robert Macintosh ku Oxford mu 1943. Amachilowetsa kumbali yakumanja kwa kamwa, n'kukankhira lilime kumanzere, n'kunyamula mpaka ataona khomo la kholingo. Ndi dzanja lamanja amalowetsa chubu pakhomopo, n'kupopa kabaluni kamene kali kumapeto kwake. Kabaluniko kamatseka mpata wozungulira chubu, moti mpweya umalowa ndi kutuluka koma masanzi sangadutse. Ntchito yonseyi ndi ya masekondi ochepa, ndipo nthawi zambiri wodwalayo amakhala atapatsidwa mankhwala omwe amusiyitsa kupuma. Ukalephera kuona khomolo, nthawi ikutha ndi ya moyo wa munthu.

Kugoneka chagada kuli ndi zifukwa zake zabwino. Mutu umakhazikika, masiki imagwira bwino kumaso, okuthandiza amafika mbali zonse, ndipo mtima ukaima mutha kuyamba kupsinya chifuwa nthawi yomweyo. Kwa munthu amene wabwera ku opaleshoni yokonzekera, sanadye kuyambira dzulo, palibe chifukwa chosinthira. Koma tiyeni tione amene amabwera usiku pa chipatala cha boma. Mayi woyembekezera amene akugwidwa ndi eclampsia, wadziluma lilime, thovu lili kukamwa. Bambo amene matumbo apotana, mimba yatupa ngati ng'oma, akusanza zobiriwira. Munthu amene wamwa tameki kapena mankhwala a mbewu, malovu ndi mamina zikungotuluka osaleka. Mwana wa malungo a mu ubongo amene wangodya phala asanakomoke. Wakabaza amene wamenyetsa nkhope pa tala. Mlovi amene bwato linamugudubukira nthawi ya mwera, m'mimba mwadzaza madzi a m'nyanja. Palibe mmodzi mwa anthu awa amene anasala chakudya, ndipo palibe amene m'kamwa mwake ndi mouma.

Palinso ena omwe kugona chagada n'kosatheka kumene. Munthu wobayidwa kumsana, mpeni udakali pomwepo, sungamugoneke pa mpeniwo ndipo suyenera kuuzula kunja kwa fiyeta. Khanda lobadwa ndi chotupa chamsana cha spina bifida silingagonere chotupacho mwachisawawa. Munthu amene wapsa msana wonse. Munthu amene ali kale chammbali pa tebulo, opaleshoni ili mkati, ndiye chubu chatuluka kapena jakisoni wa pamsana wayamba kutha mphamvu bala lili lotsegula. Mabuku akale ankaphunzitsanso kuti mwana amene akutaya magazi pambuyo pomuchotsa ma tonsil mutha kumugonetsa ali chammbali chakumanzere, mutu uli chotsika. Anthu awa sachitika tsiku ndi tsiku, koma pa zaka 30 za ntchito aliyense wa ife adzakumana nawo.

Ndinaona koyamba zimenezi zikuchitika pa munthu weniweni ndili pa maphunziro a ku wodi pa chipatala china cha boma. Anabweretsa mnyamata wakabaza, nsagwada itathyoka, mano ena atagweluka. Ulendo wonse anabwera atakhala kumbuyo kwa pikiapu, atawerama, magazi akudontha pansi. Achibale ake ankafuna agone kuti apumule, koma akangomukankhira chagada ankalimbana nawo ngati akumira. Thupi lake linkadziwa zimene linkachita. Wogonetsa odwala wa usiku umenewo anali bambo wachikulire, clinical officer wa zaka zambiri pantchito. Anayang'ana mnyamatayo, anayang'ana botolo la suction lomwe linkadzaza msanga, ndipo anati, "Musamugoneke chagada ameneyu. Mbali yakumanzere pansi. Tsitsani tebulo kumutu." Anaika pilo pansi pa mutu kuti khosi liwongoke, anaimika namwino kumsana kuti wodwalayo asagubuduke, ndipo kwa ine anati, "Achemwali, gwirani mutuwu ndi manja awiri, musausiye mpaka ndikuuzeni." Anamupatsa okosijeni kwa kanthawi, kenako ketamine ndi suxamethonium. Magazi ankatsikira pa nsalu kudzera pa ngodya ya mlomo. Anawerama, analowetsa laryngoscope, anadutsitsa kandodo kowongolera kotchedwa bougie, chubu chinatsatira. Mmawa ndinawafunsa kuti, "Bambo, zimene zija munaziphunzira kuti?" Anayankha kuti aphunzitsi awo ankawauza kuti tebulo nalonso ndi chida. "Suction itha kukukana pakati pa ntchito," anatero, "koma magazi sanakanepo kutsetsereka." Kenako anawonjezera kuti, "Koma musadzayambire pa munthu."

Mawu omalizawa ndiwo afunika kuwamvetsa, chifukwa kulowetsa chubu chammbali n'kovuta kuposa chagada. Mbali yakumanzere ndiyo yosavutirapo, popeza lilime limagwera kumanzere, komwe chitsulo cha Macintosh chimalikankhira kale, ndipo mbali yakumanja kwa kamwa, yomwe tsopano ili pamwamba, imatsala yotsegula kuti chubu chidutse. Akagonera kumanja, lilime limagwera momwe mukufuna kudutsa. Ngakhale kumanzereko, zonse zimene manja anazolowera zimasintha. Mphamvu yonyamulira imene munkakokera m'mwamba tsopano mukukokera chopingasa, ndipo thupi la wodwala limafuna kutsatira dzanja lanu, n'chifukwa chake pafunika wina kumsana. Popanda pilo, mutu umalendewera chaku phewa ndipo njira imapindika. Masiki imavuta kuimatiza kumaso ndi dzanja limodzi. Wokanikiza pakholingo, njira imene Brian Sellick anafotokoza mu 1961, amafunika dzanja lina kuseri kwa khosi. Kumvetsera mapapo onse awiri pambuyo pake n'kovutirapo chifukwa mbali imodzi yagonera tebulo.

Anzanga ena m'kalasi amatsutsa maganizo angawa, ndipo mfundo zawo si zachabe. Amati pa ngozi munthu azichita zimene amazidziwa bwino, chifukwa kuyesa koyamba ndiko kumene kuli ndi mwayi waukulu, ndipo kuyesa kulikonse kotsatira kumatupitsa khosi ndi kuwonjezera magazi. Malangizo a bungwe la Difficult Airway Society la ku Britain a mu 2015 amati usapitirire katatu, kachinayi ayese wodziwa kuposa iwe. Amatchulanso kafukufuku wa madokotala a ku Dublin, wotsogozedwa ndi Conan McCaul, amene anatuluka mu 2005 m'magazini ya Anesthesia & Analgesia. Iwo anapeza kuti odwala akatembenuzidwira kumanzere, khomo la kholingo linkaoneka movutirapo mwa 35 pa 100 alionse, ndipo panalibe mmodzi yemwe linaoneka bwino kuposa ali chagada. Chubu chinalephereka mwa odwala 8 pa 39, pamene laryngeal mask, kachipangizo kokhala pamwamba pa kholingo komwe anakapanga Archie Brain m'zaka za m'ma 1980, kanalephereka mwa mmodzi yekha pa 30.

Ziwerengerozi ndikuzivomereza, koma ndimazimva mosiyana ndi anzangawo. Odwala a ku Dublin anali a opaleshoni yokonzekera, m'kamwa mouma. Kwa iwo kutembenuza kunangochotsa ubwino osabweretsa wina. Kwa mnyamata wothyoka nsagwada, funso silakuti khomo likuoneka bwino mbali iti pa khosi louma. Ali chagada khomolo limakhala pansi pa dziwe la magazi, ndipo kababu ka laryngoscope kamangofiira. Kuona movutikira kuli bwino kuposa kusaona konse. Chachiwiri, ngati chinthu n'chovuta koma tsiku lina udzakakamizika kuchichita, yankho lake ndi kuchiyeserera, osati kuchipewa. Chachitatu, kafukufuku yemweyo akutiphunzitsa chinthu chothandiza: munthu akakhala chammbali ndipo chubu chikukana, laryngeal mask ikhale pafupi. Siteteza mapapo ku masanzi ngati chubu, koma imalowetsa mpweya, ndipo chimene chimapha munthu msanga ndi kusowa mpweya, osati kusowa chubu.

Maiko olemera vuto la khosi lodzaza magazi analithetsa ndi zipangizo. Ali ndi suction yamphamvu yochokera kukhoma, nthawi zina ziwiri pa bedi limodzi. Ali ndi laryngoscope za kamera zomwe zimaonetsa kholingo pa sikirini. Ali ndi madokotala awiri kapena atatu ogonetsa odwala m'chipinda chimodzi. Malangizo awo analembedwa ndi anthu omwe zinthu izi amazitenga ngati madzi akumwa. Ife timawerenga malangizo omwewo, timalemba mayeso pa malangizo omwewo, kenako timatumizidwa kumene suction ndi makina amodzi oyendayenda pakati pa fiyeta ndi chipinda chochilira amayi, ndipo magetsi akazima umadikira kuti jenereta ilire. Kusiyanaku kunayezedwapo. Kafukufuku wa Global Capnography Project, amene anatuluka mu 2019 m'magazini ya Anaesthesia, anayendera zipatala 8 za m'chigawo chakumwera kwa Malawi ndipo anapeza kuti 97 pa 100 ya malo ochitira opaleshoni analibe capnograph, kachipangizo koyeza mpweya wotuluka m'mapapo, komwe kamatsimikizira kuti chubu chalowa njira yoyenera. Atagawa tizipangizo 40, pa miyezi 6 yokha ogwira ntchito ananena kuti anazindikira maulendo 44 pamene chubu chinalowa njira ya chakudya. Capnograph tikuifuna, suction yabwino tikuifuna, ndipo tisatope kuzipempha. Koma pamene tikudikira, kupendeketsa tebulo ndi kutembenuza wodwala ndi zida zimene zili pa chipatala chilichonse lero.

Tikumbukirenso amene amagwira ntchitoyi m'dziko muno. Pa zipatala za m'maboma, ogonetsa odwala ndi ma clinical officer omwe anachita maphunziro apadera, ndipo usiku amakhala okha. Paul Fenton, dokotala amene anaphunzitsa ambiri a iwo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anafalitsa pamodzi ndi anzake mu BMJ mu 2003 zotsatira za maopaleshoni 8,070 obereketsa amayi, ochitika pakati pa 1998 ndi 2000 m'zipatala 23 za m'maboma ndi zazikulu ziwiri. Maopaleshoni 94 pa 100 alionse anali adzidzidzi. Amayi 85 anamwalira. Mwa zinthu zimene zinkayenda limodzi ndi imfa, panali kuchepa kwa maphunziro a wogonetsa wodwalayo komanso kugonetsa thupi lonse m'malo mwa jakisoni wa pamsana. Papita zaka zoposa 20 ndipo zambiri zasintha, koma phunziro lake silinasinthe: zimene zili m'manja mwa munthu mmodzi wa usikuyo ndizo zimasiyanitsa mayi wobwerera kwawo ndi mwana kumsana ndi mayi wobwerera m'bokosi. Ambiri a ife amene tili m'kalasi lero ndife amene tidzakhale munthu ameneyo.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi kwa anzanga silifuna ndalama. Chidole chomwe chija chitembenuzidwe. Aliyense akalowetsa chubu kakhumi chagada, alowetsenso kakhumi kumanzere, kenako kumanja, wina atagwira msana, wina atagwira mutu, kuti tizolowere kulamula anthu atatu nthawi imodzi. Tiyeserere chidole chili pansi pa simenti, chifukwa ku wodi ndi pa khonde odwala ena timawapeza pamenepo. Tiyeserere kulowetsa laryngeal mask ndi kupumitsa ndi Ambu bag chidole chili chammbali. Tiyeserere kubweza wodwala chagada mwachangu ndi mwadongosolo, chifukwa njira ya chammbali ikakana kapena mtima ukaima, tiyenera kudziwa kale amene agwire pati. Ndipo akuluakulu amene anazichitapo pa anthu enieni, ambiri mwa iwo ali m'zipatala za m'maboma ndipo akuyandikira kupuma pantchito, aitanidwe adzationetse asanapite nalo luso lawo kumudzi.

Tsopano kwa inu amene simudzagwira laryngoscope. Gawo lalikulu la nkhaniyi ndi lanu, chifukwa anthu ambiri amene amafa ndi kutsekeka kwa njira ya mpweya amafa asanaone dokotala. Kwathu ndakula ndikuona zinthu zimene anthu amachita ndi mtima wabwino koma zimapweteka. Mwana akavuulidwa m'nyanja, ena amamukanikiza pamimba kapena kumuzondotsa kuti madzi atuluke. Madzi amene amatulukawo ndi a m'mimba, ndipo kuwafinya kumangowakankhira kukhosi n'kuchedwetsa thandizo lenileni. Munthu wa khunyu akagwa, amamulowetsa supuni m'kamwa, mano n'kuthyoka, zidutswa n'kugwera kukhosi. Wokomoka amamumwetsa madzi, mkaka kapena phala kuti apeze mphamvu, pamene sangathe kumeza. Woledzera kwambiri amamukokera m'chipinda, kumugoneka chagada, kutseka chitseko, n'kumati adzuka mawa. Izi zomalizazi sizichitika kumudzi kokha, zimachitikanso m'ma hostel athu Lachisanu lililonse. Ndipo wovulala amamuyala chagada kumbuyo kwa pikiapu, achibale atakhala m'mbali akulira, wopanda woyang'ana kukamwa kwake.

Zoyenera kuchita ndi zochepa. Muitaneni mokweza ndi kumugwedeza phewa. Ngati sakuyankha, pendeketsani mutu chakumbuyo pang'ono, nyamulani chibwano, ndipo kwa masekondi osapitirira 10 yang'anani ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika bwinobwino. Ngati akupuma, gwadani pambali pake, tambasulani mkono wake umene uli pafupi nanu, tengani dzanja lake linalo muike kuseri kwake pa tsaya loyang'ana kwa inu, pindani bondo la mwendo wakutali, ndipo mukokere kwa inu pogwira bondolo. Bondo lopindalo limamuchirikiza kuti asagwe chafufumimba. Konzani mutu kuti kamwa liyang'ane pansi ndipo chibwano chisagwere pachifuwa. Mayi woyembekezera mugonekereni kumanzere, kuti chiberekero chisapsinye mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima. M'galimoto akhalebe chammbali, ndipo munthu mmodzi akhale kumutu ulendo wonse, ntchito yake ikhale kuona ngati akupumabe.

Pali nthawi ziwiri zofunika kusamala. Ngati sakupuma, kapena akungobanika mwa apo ndi apo, chammbali sichithandiza. Mugonekeni chagada pamalo olimba, yambani kupsinya pakati pa chifuwa ka 30 n'kumupumira kawiri, mobwerezabwereza, ndipo ngati ndi womira yambani ndi kumupumira kasanu, chifukwa chimene chamuvuta ndi mpweya. Akasanza muli mkati, mutembenuzeni, pukutani m'kamwa, mubwezeni, pitirizani. Ngati wachita ngozi yapamsewu kapena wagwa kuchokera pamwamba, khosi litha kukhala lothyoka, choncho musamugwedeze popanda chifukwa. Koma akayamba kusanza kapena magazi akadzaza m'kamwa, mutembenuzeni anthu atatu kapena anayi nthawi imodzi ngati chipika, mmodzi atagwira mutu kuti uyendere limodzi ndi thupi. Munthu wotetezedwa msana koma wosapuma sakafika.

Wina anganene kuti izi ndi zazing'ono poyerekeza ndi mavuto a zaumoyo amene tili nawo. Koma mbiri yathu yomwe ikusonyeza kuti zazing'ono zochitidwa msanga zimapulumutsa anthu ambiri. Njira ya ETAT, yosankha ndi kuthandiza msanga ana odwala kwambiri, imene bungwe la WHO linatulutsa buku lake lophunzitsira mu 2005, inakulira kwambiri pa chipatala cha Queen Elizabeth pansi pa Elizabeth Molyneux ndi anzake. Atakonza kalandiridwe ka ana ndi kuphunzitsa ogwira ntchito kuyambira mu 2001, imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa 100 kufika pakati pa 6 ndi 8. Chinthu choyamba chimene ETAT imaphunzitsa ndi njira ya mpweya, ndipo mwana wokomoka amene akupuma amagonekedwa chammbali. Chimene namwino amachita pa benchi ya ana, chimene mlovi angachite pamchenga, ndi chimene clinical officer amachita ku fiyeta ndi laryngoscope m'manja, ndi nzeru imodzi pa misinkhu yosiyana.

Tchuthi chikubwerachi ambiri tibwerera kumudzi, komwe amatiyesa odziwa zonse chifukwa tili ku yunivesite. Tengani mphindi 15, sonkhanitsani azibale anu pakhonde, mmodzi agone pamphasa, ndipo aliyense ayesere kumutembenuza mpaka manja azolowere. Amene kwanu kuli nyanja, pitani nazo kugombe nthawi imene asodzi akusoka maukonde. Ife a zachipatala tikabwerera, tikapemphe kiyi wa chipinda choyesereramo, tikatembenuze chidole chija, ndipo tisatulukemo mpaka aliyense atalowetsa chubu kumanzere popanda kufunsa kuti dzanja lake lipite kuti.